Makalata a Omvera: Botolo la Mofini Limene Malume Anabisa

Takulandiraninso omvera. Thumba lathu ladzaza sabata ino, koma ndatolamo makalata atatu okha, onse okhudza odwala matenda a mgonagona ndi anamwino amene amawasamalira.

Yoyamba yachokera ku Ntcheu, kwa mayi amene apempha kuti tisatchule dzina. Akuti: "Amayi anga ali ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kuchipatala anati yafalikira, ndipo anatitulutsa. Namwino anatipatsa botolo la mofini wakumwa, mankhwala amphamvu oletsa ululu, nati tiziwamwetsa maola anayi alionse. Amalume akana. Akuti mankhwalawa amapatsa munthu amene achipatala atopa naye kuti atsirizike msanga. Botololo abisa. Amayi akubuula usiku wonse. Ndimvere ndani?"

Pepani ndi matenda, mayi. Ndiyankha mosapsatira mawu: mverani namwino. Mofini akamwedwa pa mlingo umene achipatala alemba sapha munthu. Mbiri yoipayi inabwera chifukwa ambiri amayamba kumwa mochedwa, matenda atafika kale kumapeto. Wodwala akatisiya patapita masiku awiri, abale amaloza botolo n'kuiwala khansa.

Za maola anayizo namwino sanangozilota. Mphamvu ya mofini wakumwa imatha m'thupi pakadutsa nthawi yotero, ndiye mukadikira kuti amayi ayambe kaye kulira, ululuwo umavuta kuugonjetsanso. Masiku oyamba akhoza kumawodzera kapena kuchita nseru, zimenezo zimachepa. Chimene sichichoka ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ake. Ndipo mlingo musaonjezere nokha, ululu ukapitirira bwererani kwa namwino.

Amalumewo musakangane nawo. Ndi eni mbumba, ndipo akuchita zimenezi poopa kutaya mlongo wawo. Atengeni mupite nawo kwa namwino yemweyo akafunse okha mafunso awo. Kukhala pansi ndi banja ndi mbali ya ntchito yake, monganso kukuphunzitsani kutembenuza wodwala maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda pamsana ndi m'chiuno, kutsuka m'kamwa mukauma, ndi kuchepetsa fungo limene limathawitsa odzazonda. Komatu zimenezi zisadikire sabata yamawa. Botolo lituluke lero.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Nkhotakota, ndipo alemba atapsa mtima. "Ife pabanja tinagwirizana kuti mkazi wanga asadziwe kuti sachira. Iye anafunsa namwino, namwino n'kumuuza. Kodi ali ndi ufulu wanji woulula zimene ife tabisa?"

Bambo, ndakumvani, koma taonani m'kalata mwanu momwe: mayi anafunsa okha. Thupi ndi lawo. Namwino wophunzira bwino ntchitoyi samangofikira kuulula. Amayamba wafunsa wodwala zimene akudziwa kale ndi zimene akufuna kumva, ndipo wosafuna kumva samukakamiza. Koma munthu wamkulu akafunsa maso ndi maso, kumunamiza n'kumusiya yekha ndi mantha ake. Ine ndimaona kuti odwala ambiri amadziwa kale. Amaona thupi likutha, amamva manong'onong'o kukhonde, n'kumangokhala chete pofuna kutiteteza ifeyo. Ngati namwinoyo analankhula mwamwano, limenelo ndi dandaulo lomveka, kalitulени kwa akuluakulu a chipatalacho. Apo ayi, khalani pafupi ndi mayi muwafunse zimene zili kukhosi kwawo. Mwina ndi za ana, mwina munda, mwina akufuna abusa kapena ashehe.

Yomaliza yalembedwa ndi mtsikana wa Fomu 4 ku Zomba. Akuti akufuna unamwino wosamalira odwala amene sangachire, koma anzake amamuseka kuti imeneyo ndi ntchito yoperekeza maliro.

Mwanawe, anzakowo uwauze izi. Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967 n'kusintha mmene dziko limasamalirira odwala oterewa, anayamba ngati namwino asanakhale dokotala. Ku Uganda, kuyambira 2004 lamulo linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala mofini, chifukwa kumidzi dokotala ndi wosowa, namwino ndiye amapezeka. Kuno kwathu, malo a Ndi Moyo ku Salima anawayambitsa ndi namwino, Mayi Lucy Finch. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli malo osamalira odwala oterewa, Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana, ndipo bungwe la Palliative Care Association of Malawi (PACAM) limalimbikitsa chisamaliro chimenechi m'dziko lonse. Sindikunamiza, ntchitoyi ndi yolemetsa mtima, maliro udzawaona ambiri. Koma udzaonanso munthu amene sanagone sabata yathunthu akugona tulo, m'mawa n'kupempha phala. Pakadali pano limbikira Biology ndi Chemistry, mayeso a MSCE sakudikira.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Ntcheu, mutilemberenso mutiuze mmene amalume ayankhira.