Network marketing: geni yeniyeni kapena akufuna kukudyerani?

[Pa sikirini: uthenga wa pa WhatsApp]

Uthenga umafika madzulo, wochokera kwa mnzanu amene munasiyana naye kalekale ku sekondale. "Muli bho amwene? Loweruka 2 koloko mubwere ku Limbe, pali kenakake ndikufuna mukaone. Zambiri mukamvera komweko." Mukafika mupeza holo yodzaza, nyimbo zikulira, achinyamata atatchena masuti ngakhale kukutentha. Wina aimirira kutsogolo n'kuonetsa zithunzi za galimoto ndi za ulendo wa ku Dubai. Akamamaliza akuti kuti mujoine mugule package, ndiye kuti katundu woyambira, kenako mubweretse anzanu.

Takulandirani, abale anga. Lero tikambe za network marketing, ndipo funso lathu ndi limodzi: ndalama imene akukulonjezaniyo ikuchokera m'thumba mwa ndani?

Poyamba tigwirizane kuti si network marketing iliyonse imene ili chinyengo. Pali makampani amene katundu wawo samuika m'mashopu, amamugulitsa kudzera mwa anthu. Inu mumagula sopo, mafuta odzola kapena tiyi pa mtengo wotsikirako, n'kukagulitsa kwa aneba ku Chilomoni kapena kwa anzanu ku ofesi, phindu n'kukhala lanu. Mukabweretsa munthu wina, nayenso akamagulitsa, mumapatsidwako kangachepe. Amway, yomwe inayamba mu 1959 ku America, imayenda motere. Bungwe loteteza ogula la dzikolo, Federal Trade Commission, linaitengera ku mlandu, ndipo mu 1979 chigamulo chinati si piramidi. Zimene zinaipulumutsa n'zofunika kuzimva: inali ndi lamulo loti wogulitsa azigulitsadi gawo lalikulu la katundu amene watenga asanaode wina, azikhala ndi makasitomala enieni mwezi uliwonse, komanso katundu wotsala ankatha kubwezedwa munthu n'kulandira ndalama yake.

Piramidi imavala malaya omwewo. Katundu angakhalepo, mabotolo okongola ndithu, koma ndalama yeniyeni imachokera kwa anthu atsopano amene akulipira kuti alowe. Ya wolowa lero imakalipira amene analowa dzulo.

[Pa sikirini: manambala akutsika mzere ndi mzere]

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti akuuzani kuti aliyense abweretse anthu 6. Woyambitsa abweretsa 6. Amenewo abweretsa 36. Kenako 216, kenako 1,296, kenako 7,776. Mpaka apa zikuoneka zotheka, Blantyre ndi wamkulu. Mzere wa 6 ukufuna anthu 46,656, wa 7 ukufuna 279,936. Mzere wa 8 wokha ukufuna 1,679,616. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda wa Blantyre, kuwerengera makanda ndi agogo omwe. Ndiye kuti pa mzere wa 8 mwatha Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chirimba, Machinjiri, ndipo simunafike ndi theka lomwe. Mzere wa 10 ukufuna anthu oposa 60 miliyoni, pamene kalembera yemweyo anati Amalawi tonse tinalipo 17.5 miliyoni.

Chowawa kwambiri pa masamu amenewa ndi ichi: nthawi ina iliyonse imene mungaimitse, mwa anthu 6 aliwonse amene alowa, pafupifupi 5 amakhala ali pansi penipeni, alipira koma sanapeze wowalipira. Upline wanu, uja anakulowetsani, akamati amene akulephera ndi aulesi, akunama. Ngakhale onse atalimbikira mofanana, osagona, apansiwo ayenera kuluza basi, chifukwa umo ndi momwe chinthucho chinamangidwira.

Ena amati, "Aa, ndi chimodzimodzi chipereganyu." Ayi. Pa chipereganyu mulipo anthu 10 odziwana, aliyense amasonkha mofanana, ndipo mwezi wanu ukakwana mumalandira zimene inunso mudzakhale mutasonkha. Sipafunika munthu wa nambala 11 kuti wa nambala 10 alandire. Piramidi ikangosowa wolowa watsopano, yafa.

Zimenezi zinaoneka kale kwa anzathu. Piramidi yotchedwa MMM ya Sergei Mavrodi inagwa ku Russia mu 1994 n'kusiya anthu miyandamiyanda manja ali m'khosi. Patapita zaka inadzukanso pa intaneti, n'kufika ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria, ikulonjeza phindu la 30 peresenti pa mwezi. Ku Nigeria inatseka maakaunti mu December 2016, anthu akukonzekera Khirisimasi. Oyambirira analandiradi, ndipo iwowo ndi amene anakopa abale awo. Choncho mnzanu akakuonetsani meseji ya Airtel Money kapena Mpamba kuti "onani, dzulo ndalandira", n'kutheka sakunama. Kungoti mesejiyo sikuuzani kumene ndalamayo yachokera.

[Pa sikirini: botolo lili pa tebulo]

Ndiye mungaziyese bwanji muli pompo mu holomo? Nyamulani katunduyo m'manja, mudzifunse kuti: pakanapanda nkhani ya kujoina, kodi ndikanagula chinthu ichi pa mtengo umenewu? Mayi a pa nyumba yoyandikana nanu, amene sakufuna kumva za bizinesi, angachigule, chikatha n'kubweranso? Ngati sopo wawo akudula kangapo kuposa amene ali mu msika wa Limbe, ndipo ogula ndi mamembala okhaokha, kasitomala wa kampaniyo ndi inuyo. Mukadzapita kwa amene anajoina chaka chatha, suzumirani kuseri kwa chitseko kapena pansi pa bedi. Makatoni osatsegula, fumbi lili mbuu, ena masiku ake atadutsa kale. Anagula kuti asatsike pa mlingo wawo mu kampaniyo, osati chifukwa panali wofuna katunduyo.

Kenako funsani amene wakuitananiyo, mwaulemu ndithu: "Achimwene, mwezi wathawu munagulitsa zingati kwa anthu amene si mamembala? Nanga ine ndikasankha kungogulitsa, osabweretsa munthu ndi mmodzi yemwe, ndipeza zingati?" Akayamba kuzemba, n'kumati ndalama zenizeni zili mu team, yankho mwalimva. Ndipo akatchula zimene amapeza, muwapemphe achotsere package, katundu amene amakakamizika kugula mwezi ndi mwezi, minibasi ya ku maphunziro, bandulo, ndi zakumwa zimene amagulira anthu owaitana. Ambiri sanakhalepo pansi kuwerengera zimenezi.

Ngakhale kampani yaikulu yokhala ndi katundu weniweni ikhoza kupezeka yolakwa pa mfundo yomweyi. Mu 2016 Herbalife inavomera kulipira madola 200 miliyoni ku America, ndiponso kusintha kalipiridwe kake kuti mphoto zizidalira katundu wogulitsidwadi. A Federal Trade Commission aja sanaitseke, koma anaikakamiza kusintha.

Za satifiketi ndinenepo pang'ono, chifukwa amakonda kuionetsa ili mu felemu. Pepala lolembetsera kampani ku boma limangosonyeza kuti dzina la kampani linalembetsedwa. Silinena kuti bizinesiyo ndi yachilungamo. Ngati akutolera ndalama za anthu n'kulonjeza kuti ziswa, chofunika ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabungwe a zachuma, ndipo nthambi yake ili konkuno ku Blantyre, mutha kukafunsa. Ngati akugulitsa zakumwa kapena mapilisi n'kumati amachiza shuga, BP, khansa ndi kusabereka zonse pamodzi, pamenepo ndiye samalani kawiri. Mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ine chimene chimandinyansa kwambiri ndi kumva wogulitsa akuuza wodwala kuti asiye mankhwala a ku chipatala, chifukwa apo nkhani yachoka pa ndalama, yafika pa moyo.

Onaninso kumene akuti mutumize ndalama. Ngati ndi nambala ya foni ya munthu, popanda risiti, popanda pepala losainirana, tsiku lodandaula mudzagwira ndani? Ndipo akamakuthamangitsani kuti malo atsala awiri, lipirani lero lomwe, mukatenge kaye ku banki mkhonde kapena katapila, pemphani pepala la kalipiridwe mupite nalo kunyumba. Geni yoona siopa kuti muigonere sabata imodzi.

Kwa inu amene munalowa kale ndipo mukumva kutentha pamene mukuonera vidiyoyi: musaonjezere ndalama ina pofuna kupulumutsa yoyambayo, ndipo musaitanenso munthu wina, makamaka wa ku tchalitchi kapena m'bale, chifukwa zikadzagwa sadzafuna mwini kampani, adzagogoda pa khomo panu. Sungani mameseji onse otumizira ndalama, jambulani zokambirana za pa gulu la WhatsApp admin asanazifufute. Funsani ngati amalandiranso katundu wotsala, mubweze amene angabwezedwe. Akakana kapena akasowa, tengani umboniwo mupite nawo ku polisi, komanso mukadandaule ku Competition and Fair Trading Commission, yomwe imamva madandaulo a ogula. Mukapita muli gulu la anthu angapo amene munapusitsidwa ndi anthu omwewo, nkhani imamveka msanga kusiyana ndi kupita nokha.