Yambani ndi mwala wa 1000

Achimwene, ndamva funso lanu lija lakuti mugule iti mwa miyala yonolera mipeni ya ku Japan, imene imafuna madzi. Ndikuyankheni pompano ndisanaiwale.

Choyamba, musathamangire kugula miyala yambirimbiri ayi. Nambala yolembedwa pamwalapo ndiyo ikuuzeni ntchito yake. Nambala ikachepa, mwalawo ndi wokhakhala, umadya chitsulo msanga. Ikakula, ndi wosalala, umangopukuta. Wa 220 kapena 400 ndi wa mpeni woti wabenthuka kukamwa kwake. Wa 6000 ndi wongowalitsa. Inuyo yambani ndi wa 1000, umenewo ndiwo umabwezeretsa mpeni wobuntha. Kwa mpeni wosemera mitengo ndi kuwazira tinkhuni kutchire, wa 1000 ndi kachikopa kopukutira pomaliza, zakwana.

Tsopano apa ndiye mumvetsetse. Mpeni wanu wa Mora uja, wa ku Sweden, kanoledwe kake amati Scandi. Mbali yotsetsereka yopita kukamwa kwa mpeni ija ndi yotakata, ndiye ponola mumangoigoneka yonse pamwala, osavutika kuyeza kupendekeka ndi dzanja. Komatu zimenezi zimatheka mwala ukakhala wathyathyathya. Mwala wa kampani ya King, ndi wabwino ndithu, mtengo wakenso ndi wofikirika, koma ndi wofewa. Mukanolera kangapo umakumbika pakati ngati mphero, ndiye mbali ya mpeni ija imayamba kubulungira, mpeni n'kumaterereka pamtengo m'malo moluma. Wa kampani ya Shapton ndi wolimbirapo, suchedwa kudya chitsulo koma umachedwa kukumbika.

Choncho ndalama imene mukanagulira mwala wa 6000 ija, ine ndikuti muyambe mwagulira chowongolera mwala. Pali chitsulo cha dayamondi cha Atoma, koma ngati thumba silikulola, pezani galasi lokhuthala ndi sandipepa wosaopa madzi. Lembani mizere ya pensulo yopingasana pamwala ponse, kenako mukhule mpaka mizere yonse ifufutike. Pamene mzere watsalira, mpamene pali chigwa.

Za madzi: wa King muuviike mphindi 10 mpaka 15, thovu likasiya kutuluka ndiye kuti wakhuta. Wa Shapton mungowaza madzi pamwamba n'kuyamba. Mafuta musayerekeze, amatseka mwala. Timatope timene timatuluka ponola musatitsuke msanga, timathandiza kunolako.

Pofuna kudziwa ngati mukugoneka bwino, detsani mbali yotsetserekayo ndi cholembera cha inki yakuda, mukoke kawiri katatu, muone pamene inki yachoka. Pitirizani mpaka chala chimve kachitsulo kopindika tsidya linalo, kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Mukakamva, tembenuzani munole mbali inayo.

Mukamaliza, pukutani mpeniwo nthawi yomweyo, makamaka ngati ndi wachitsulo chochita dzimbiri. Mwalawo muuumitse pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, ungang'aluke. Mukagula munditumizire chithunzi cha bokosi lake ndione nambala.