Makalata a omvera: kuyendera kuyunivesite kapena kuchita lendi?

Sabata yatha tinawerenga kalata ya mayi a ku Lunzu amene mwana wawo wamkazi wasankhidwa ku MUBAS, yunivesite ya mu Blantyre yomwe kale inkatchedwa Polytechnic (Poly). Malo ogona pasukulu sanawapeze, lendi ya chipinda ku Chitawira yawakulira, ndiye amafunsa ngati mwanayo angamayendere kuchokera kunyumba. Mayankho afika, tiyeni tiwamve.

Yoyamba yachokera kwa bambo woyendetsa minibasi. Akuti:

"Amayi, werengani minibasi zake, osati mtunda. Kuchoka pa Lunzu akwera imodzi yodzera pa Kameza ndi Chirimba mpaka m'tauni. Akatsika, akwera ya ku Limbe yodzera Highway n'kutsikira pa Poly. Kupita ndi kubwera ndi minibasi zinayi. Pamwezi masiku a sukulu amakwana 22, ndiye akwera maulendo 88. Funsani mtengo wa lero pasiteji, muchulukitse, kenako muonjezepo chakudya cha masana poti nsima ya kunyumba sayipeza. Chiwerengero chimenecho ndicho muyerekeze ndi lendi. Dziwaninso kuti lendi mukagwirizana imakhala yomweyo kwa miyezi, pomwe mtengo wa minibasi umasintha tsiku lomwe mafuta asowa. M'mawa galimoto imadzaza msanga, chochedwetsa ndi mzere polowa m'tauni. Madzulo ndiye povuta: kukangoda minibasi zimachepa, kondakitala amakweza mtengo, ndipo kabaza wa usiku si wokwera mwana wamkazi atanyamula laputopu."

Zikomo bambo. Apa mwatitsegula maso, makamaka pa 88 paja.

Yachiwiri alemba ndi mphunzitsi wa payunivesite ina. Akuti:

"Musagamule musanaone timetable. Kuyunivesite sikuli ngati kusekondale koweruka onse nthawi imodzi. Kalasi ina imakhala m'mamawa, yotsatira madzulo, pakatipo palibe kanthu. Maphunziro a engineering ali ndi ma lab ndi ma workshop oti ukaphonya sabwerezedwa chifukwa cha munthu mmodzi. Mayeso a m'kati mwa semesita nthawi zina amaikidwa madzulo kapena Loweruka, ndipo malikisi ake amalowa m'zotsatira zomaliza. Ntchito za m'magulu ophunzira amakonda kuzichita usiku, woyendera amangouzidwa pa WhatsApp zomwe anzake agwirizana. Laibulale ndi Wi-Fi ya pasukulu amazisiya nthawi yomwe anzake akuyamba kuzigwiritsa ntchito, ndiye bandulo muyiikenso pa bajeti. China chomwe makolo sachiona: mwana wamkazi akafika kunyumba mbale ndi mphika zimamudikira. Mukasankha zoyendera, ntchito za madzulo muzimuchotsera."

Pamenepa amayi mwamva nokha, ine sindionjezapo.

Womvera wina wa ku Limbe wangofunsa mwachidule ngati zingatheke kuyendera ku yunivesite ya UNIMA ku Zomba. Ayi achimwene. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60, ndipo minibasi imaima pa Njuli, pa Namadzi, pa Thondwe kudikira anthu. Funani anzanu mugawane chipinda ku Chikanda. Chimodzimodzi ophunzira a ku koleji ya Bunda, makilomita pafupifupi 30 kuchoka mu Lilongwe: wokhala ku Mitundu angathe, wa ku Area 25 asayerekeze.

Tsopano kwa inu amayi a ku Lunzu. Maganizo anga ndi akuti kuyendera kumapindula ngati minibasi ndi imodzi yokha ndipo mwana amafika kunyumba kusanade. Zanuzi ndi ziwiri, choncho kutchipako n'kokayikitsa. Lendi yomwe inakuopsani mwina inali ya chipinda cha munthu mmodzi. Funsani cha anthu awiri kapena atatu ku Chitawira, Naperi kapena Zingwangwa, komwe ambiri amangoyenda wapansi. Musanapereke dipoziti pitani mukaone nokha, osangotumiza ndalama pafoni kwa munthu wodzitcha ejenti. Muone ngati madzi amatuluka, loko ndi wolimba, ndi mmene amagawanirana mayunitsi a magetsi, chifukwa mikangano yambiri imayambira pa hotipuleti. Mufunsenso ngati lendi imalipidwa ngakhale pa holide.

Zikakanika ndithu, ayendere, koma mupezeretu wachibale kapena mnzake womusunga pa masabata a mayeso ndi masiku a mvula yamphamvu. Afunsirenso ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo dzina lake akalembetse ku ofesi yoona za ophunzira, poti malo ogona amatha kupezeka ena akasiya.