Makalata a Omvera: Mnyamata Akwere Liti ku Ligi Yaikulu?

Takulandirani omvera ku gawo lathu la makalata. Lero onse alemba za baseball ya ku America, ndipo funso ndi limodzi: timu ikakhala ndi mnyamata waluso m'maligi aang'ono, imukweze liti ku Major League Baseball? Tiyambe ndi bambo wina wa ku South Bend, ku Indiana, mzinda womwe kuli timu ya High-A (limodzi la maligi aang'ono) ya Chicago Cubs.

"Achimwene, anthu amati luso ndilo limakweza mwana, koma matimu amawerenga masiku. Nyengo imodzi imatenga masiku pafupifupi 187, ndipo wosewera akakhala masiku 172 m'timu yaikulu amalembedwa kuti wagwira chaka chathunthu. Akakwanitsa zaka 6 zotere ndi pamene amamasuka kukasaina kulikonse. Ndiye timu ikangomuchedwetsa masabata awiri ndi masiku pang'ono mu Epulo, chaka choyamba chimaperewera, ndipo imakhala naye nyengo 7. Kris Bryant anamenya ma home run 9 (kumenya mpira mpaka kulumpha mpanda wa bwalo) m'masewera okonzekera a 2015, koma Cubs inamutumiza ku Triple-A, ligi yaing'ono yomwe ili pansi penipeni pa yaikulu, ku Iowa n'kumuitana pa 17 Epulo. Anamaliza chaka ndi masiku 171. Tsiku limodzi basi! Anakadandaula, mlandu unatha mu 2020, ndipo analuza. Kodi khalidweli linatha?"

Zikomo bambo, mwawerenga bwino. Onjezanipo tsiku lachiwiri lomwe matimu osauka amaliwopa. Wosewera amayamba kukambirana malipiro kudzera mwa woweruza akakwanitsa zaka 3, koma mwa omwe ali pakati pa zaka 2 ndi 3, 22 peresenti amene ali ndi masiku ochuluka amalowa msanga. Amenewa ndi a Super Two, ndipo amadutsa kwa woweruza kanayi m'malo mwa katatu. Malire ake sadziwika pasadakhale, n'chifukwa chake matimu ena ankadikira mpaka kumapeto kwa Meyi kapena Juni kuti asapse nawo.

Kutha sikunathe, koma mgwirizano wa 2022 wa eni matimu ndi bungwe la osewera unasintha masamu. Mnyamata amene ali pa mindandanda iwiri mwa itatu ya anyamata 100 apamwamba, ya MLB Pipeline, Baseball America ndi ESPN, akagwira chaka chathunthu n'kupambana Rookie of the Year (mphotho ya wosewera watsopano wopambana onse m'ligi yake), timu yake imapatsidwa mwayi wowonjezera wosankha wosewera mu draft (mwambo wa chaka ndi chaka wosankha osewera atsopano) ikangotha raundi yoyamba. Seattle inapata mwayi umenewu chifukwa inayamba nyengo ya 2022 ndi Julio Rodríguez. Mbali inayo ndi yowawa: mnyamata wotere akakhala woyamba kapena wachiwiri pa mavoti a Rookie of the Year amalembedwa chaka chathunthu ngakhale anabwera mochedwa. Adley Rutschman anakwera pa 21 Meyi 2022, anakhala wachiwiri, chaka n'kumupatsa. Paul Skenes anayamba pa 11 Meyi 2024 n'kupambana mphothoyo, ndipo Pittsburgh inataya zonse ziwiri: chaka chachisanu ndi chiwiri chija, komanso mwayi wa draft.

Kwa mnyamata wapamwamba kwenikweni, kuona kwanga n'kwakuti Meyi ndiwo mwezi woipitsitsa womukwezera. Mwina ayambe nanu nyengo, apo ayi dikirani kumapeto kwa Ogasiti. Wosewera amakhalabe rookie, ndiye kuti watsopano, ngati sanapyole ma at-bat 130 (maulendo okamenya), ma inning 50 (zigawo za masewera zimene waponya), kapena masiku 45 m'timu yaikulu. Corbin Carroll wa Arizona ndi Gunnar Henderson wa Baltimore anakwera masiku omaliza a Ogasiti 2022, analawa ligi yaikulu osapyola malirewa, ndipo mu 2023 onse awiri anapambana Rookie of the Year, matimu awo n'kulandira mwayi wa draft uja.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Baltimore.

"Bambo wowulutsa, za ndalama tazimva, koma kukhwima kwa mwana muzikuona bwanji? Jackson Holliday anali nambala 1 pa anyamata onse. Orioles, timu yathu ya Baltimore, inamukweza pa 10 Epulo 2024 ali ndi zaka 20. Pa ma at-bat 34 anapeza ma hit 2 okha (kumenya n'kufika pa base), ma strikeout 18 (kugwa atalephera katatu kumenya), ndipo mwezi usanathe anabwezedwa ku Triple-A ku Norfolk. Komatu ku Triple-A ankamenya bwino. Ine ndimati batting average (ma hit poyerekeza ndi ma at-bat) ya kumeneko si umboni. Muziona kuti amagwa kangati ndi strikeout poyerekeza ndi ma walk (kupita pa base woponya akaphonya kanayi), ngati amathamangira mipira yodutsa kunja kwa zone, malo omwe woponya ayenera kulunjika, ndiponso ngati amakhudza mpira ukalowa mkati mwa zone. Muzionanso zimene amachita ndi fastball yothamanga mamailosi 95 pa ola kupita m'mwamba, ndi slider (mpira wokhotera cham'mbali) ya woponya wa dzanja lofanana ndi mbali imene iye amamenyera."

Mayi, mndandanda wanu sindichotsapo kanthu. Chifukwa chake manambala a Triple-A amanama chili pawiri. Oponya ambiri kumeneko ndi achikulire omwe liwiro kapena kulunjika kunawaperewera ku ligi yaikulu, ndiye mnyamata akhoza kukhala mwezi osakumana ndi mpira womwe udzamuvutitse akakwera. Chachiwiri ndi mabwalo. Mu Pacific Coast League, limodzi la maligi a Triple-A, muli Albuquerque, Reno ndi Salt Lake, malo okwera kumene mpweya ndi wopepuka: mpira umapita kutali ndipo curveball sikhota mokwanira. Womenya wa kumeneko muzimuchotsera, woponya muzimumvera chisoni.

Chomwe ndingawonjezere ndi ichi: kodi anayamba wavutikapo n'kudzikonza? Ku ligi yaikulu amakhala ndi mavidiyo ndi ziwerengero za mpira uliwonse, ndipo akapeza pomwe mwana ali wofooka amaponya pomwepo mpaka atasintha. Amene sanakumanepo ndi zimenezi ku Double-A (ligi ya pansi pa Triple-A) kapena Triple-A amaziphunzira pamaso pa anthu masauzande. Komabe tisaope mopitirira. Mike Trout anali ndi batting average ya .220 yokha m'masewera 40 mu 2011, chaka chotsatira n'kukhala Rookie of the Year. Juan Soto anasewera masewera 8 okha ku Double-A mu 2018, Washington n'kumukweza ali ndi zaka 19, ndipo Triple-A sanaipondeko. Holliday yemweyo atabwerera pa 31 Julayi anamenya grand slam, home run yolowetsa anthu anayi, tsiku lomwelo.

Choipa kwambiri kuposa kukweza msanga ndicho kukweza mwana n'kumukhazika pa benchi. Womenya amakula ndi ma at-bat anayi tsiku lililonse. Ngati malo ake ali ndi mwini, ndi bwino azisewera tsiku ndi tsiku ku Triple-A, aziphunzira malo ena monga second base kapena outfield, kusiyana n'kumalowa kawiri pa sabata. Kwa catcher, wowakha mipira ya woponya, chipiriro chimafunika chochulukirapo, poti ayenera kudziwa oponya ake onse ndi kusankha mipira yoti aponye.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mnyamata wina wa ku Dallas: "Akulu, nanga oponya? Ndipo n'chifukwa chiyani timu imati ilibe malo pamene ili ndi osewera ofooka?"

Achimwene, woponya amawerengedwa ndi mkono. Matimu safuna kuti ma inning alumphe kwambiri kuchoka pa a chaka chatha, ndiye ena amaganiza kuti ngati mnyamata ali ndi ma inning ochepa oti aponye chaka chino, bola awaponyere ku ligi yaikulu. Washington inamuimitsa Stephen Strasburg mu Sepitembala 2012 atangopyola ma inning 159, timu ikupita ku ma playoff, chifukwa cha opaleshoni ya chigongono yomwe anachitidwa mu 2010. Kukhwima kwake muziona mpira wachitatu: wa fastball ndi slider zokha amadutsa bwino kawiri pa omenya 9, ulendo wachitatu amakhala atamuzindikira.

Za malo, timu imasewera ndi anthu 26, ndipo mu Sepitembala amakhala 28, koma onsewa ayenera kukhala pa mndandanda wa anthu 40. Ukadzaza, kulowetsa mnyamata kumafuna kuchotsa wina, yemwe matimu ena akhoza kumutenga pa waivers, pomwe amapatsidwa mpata womutenga. Akangolowa pa 40 amakhala ndi zaka 3 za option, zomwe timu ikhoza kumubweza ku ligi yaing'ono momasuka, ndipo akabwezedwa pansi masiku 20 kapena kuposa, chaka chimodzi chatha. Zikatha zonse, simungamutsitsenso osamudutsitsa pa waivers. Malire enanso ndi a Rule 5 draft ya mu Disembala: amene anasaina ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo ayenera kuikidwa pa 40 pakatha nyengo 5, wa zaka 19 kupita m'mwamba pakatha nyengo 4, apo ayi timu ina ikhoza kumutenga.