Kompyuta ikalira sikirini isanayake

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata muli kumbuyoko, sendezani mabenchi pafupi, chifukwa phunziro la lero likufuna khutu.

Patebulo pano pali kompyuta ya HP yakale, ya mtundu uja timauona m'masukulu ndi m'mashopu a fotokope. Ndachotsamo dala chiwalo chimodzi. Ndikuyatsa tsopano, inu muwerenge. Mwamva kangati? Kasanu, eti? Nayonso nyali yofiira kutsogoloku yaphethira kasanu. Pa sikirini palibe chilichonse, koma makinawa atiuza kale pomwe pakupweteka. Pa ma HP a mtundu uwu, kulira kasanu ndi nkhani ya RAM, kachiwalo kosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwirapo ntchito, ndipo RAM yake ndi iyi ili m'thumba mwangamu.

Zimachitika motere. Mukadina batani, Windows isanadzuke n'komwe, kapulogalamu kotchedwa BIOS, kamene kamakhala m'kachipu pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza ziwalo zonse, kamayamba kayendera ziwalo zonse ngati mwini khola akuwerenga mbuzi m'mamawa. CPU, ubongo wa kompyuta, ilipo? RAM ikuyankha? Mbali yotulutsa zithunzi ili bwino? Kuyendera kumeneku amakutcha POST, ndipo kunalipo kale pa IBM PC ya mu 1981. Vuto likapezeka sikirini isanayambe kugwira ntchito, BIOS ilibe polemba uthenga, ndiye imalankhulira pa kasipika. Pa makina ambiri, kulira kamodzi kwakufupi kumatanthauza kuti zonse zili bwino.

Tsono pamene anthu ambiri amasochera ndi apa, ndipo ndikupempha mugwiritsitse. Kulira sikufanana pa makina onse. Amene anapanga BIOS ndi amene anasankha tanthauzo lake. Kasanu kamene mwamva pa HP iyi ndi RAM, koma kasanu kakufupi pa BIOS yakale ya AMI, ya kampani ya American Megatrends, kakuloza CPU. Nambala ndi imodzi, matenda ndi awiri. Pa AMI yomweyo, katatu ndi RAM, ka 8 ndi memory ya khadi la zithunzi. Pa BIOS ya Award, kulira kutali kamodzi kotsatana ndi kwakufupi kawiri ndi vuto la zithunzi, pomwe kulira kutali kobwerezabwereza kosaleka kawirikawiri ndi RAM. BIOS ya Phoenix imalira m'magulu, monga 1-3-1-1, ndipo pakati pake imapumira, choncho mumvetsere ndi kupumako komwe. N'chifukwa chake musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, lembani papepala kuti yalira kangati, kutali kapena kwakufupi, kenako werengani dzina ndi nambala zolembedwa pa kesi kapena pa bolodi, mufufuze pa foni buku la makina amenewo.

Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, mayi wina wa shopu yolembera makalata anandibweretsera kompyuta atayikulunga m'chitenje. Wina anali atawauza kuti motherboard yapsa, agule ina, ndipo anali atayamba kale kufunsa ngongole ku banki m'khonde. Nditayatsa, inalira kasanu. Nditatsegula, fumbi linali litachita kuundana pa fani ngati thonje. Ndinazula RAM, ndinapukuta timano take tagolide ndi labala ya pensulo, ndinapemerera fumbi m'malo mwake, n'kuyibwezera mpaka timaloko ta m'mbali tinati kha! Inayaka pompo. Zinandiwawa mumtima kuti mayi uja akanalowa m'ngongole chifukwa choti munthu sanafune kuima n'kuwerenga mpaka kasanu.

Potsegula, zulani kaye chingwe cha magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, ndipo gwirani chitsulo cha kesi musanakhudze bolodi, poti magetsi a m'thupi mwathu amatha kuwononga machipu. RAM muyigwire m'mbali, osati pa timano. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodziimodzi, mudziwe yodwala. Koma kabokosi ka power supply, kogawa magetsi m'kompyuta, musakatsegule ayi, kamasunga moto ngakhale chingwe chitazulidwa.

Bambo apo afunsa kuti nanga ikangoti zii, osalira n'komwe? Funso labwino. Choyamba onani ngati kasipika kalipo, chifukwa makesi ambiri a masiku ano amabwera opanda. Pa bolodi pamakhala timapini tinayi tolembedwa SPEAKER, pamenepo ndi pomwe mumalumikiza. Kasipika kakakhalapo koma kuli chete, chotsani RAM yonse muyatse. Ikalira kudandaula RAM, dziwani kuti bolodi ndi CPU zikadali ndi moyo. Ikakhalabe duu, yambani kukayikira power supply, kenako bolodi. Mabolodi ena atsopano ali ndi tinyali tinayi tolembedwa CPU, DRAM (RAM), VGA (zithunzi) ndi BOOT (kudzuka kwa Windows), ndipo kamene katsala koyaka ndi komwe kakuloza vuto.

Tsopano ndikufuna anthu awiri abwere kuno. Mwana wanga wavala malaya obiriwirawe, tenga RAM iyi, uone kampata kali pakati pa timanoti kuti kagwirizane ndi kachitunda ka m'malo mwake. Achemwali, inu mudzadina batani, enafe tikhale chete timvetsere.