Munda musagulitse chifukwa cha mgodi wa malasha

Zikomo amfumu, zikomo azimayi ndi abambo nonse. Ana inu kumbuyoko, takhalani pansi.

Chatisonkhanitsa ndi munthu uja anafika pa msika wa Jali sabata yatha ndi kope m'manja, akulemba mayina a anyamata, ati kuli ntchito ku mgodi wa malasha, aliyense apereke ya thiransipoti. Ndamva ena agulitsa kale mbuzi. Wina akunyengerera amayi ake kuti agulitse munda. Ndiye ndineneretu: munda musagulitse, ndipo popanda pepala la ntchito musakwere galimoto ya munthu.

Sindikunena makala athu otentha kuphiri aja ayi. Malasha ndi mwala wakuda wokumba pansi. Kuno kwathu amakumba kumpoto, ku Mchenga m'boma la Rumphi, kumunsi kwa Livingstonia, ndi ku Karonga. Sitima zitalizitali mumaziona pa Liwonde zija zimanyamula a ku Moatize, ku Tete, kupita nawo ku doko la Nacala.

Mudzi wa pa mgodi sumakula ngati wathu uno. Kuno anthu timachuluka pobadwa. Kumeneko amachuluka pobwera. Kumayamba kufika amuna okhaokha, kenako ogulitsa mowa, a zigayo, obwereketsa ndalama za katapila. Agogo anga aamuna anapita ku Wankie, kumene lero akuti Hwange, ku Zimbabwe. Tauni yonseyo inamera pa malasha, ndipo m'makomboni mwake munadzaza anthu a kuno, a ku Zambia, a ku Mozambique. Agogowo ankati ukalowa mu komboni madzulo umamva Chinyanja ngati uli pa Thondwe. Anabwerako ndi njinga, sutukesi ya malata ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Usiku tinkawamva akutsokomola m'nyumba mwawo, ife tili kwathu. Komabe iwo anali ndi mwayi. Pa 6 June 1972 mgodi wina ku Wankie unaphulika, anthu 427 anafa, a ku Malawi ali momwemo, ndipo matupi ambiri sanatulutsidwe. Agogo pobwera anapeza munda wawo uli pomwepo, n'chifukwa chake sanafe ndi njala. Munda musagulitse.

Ndipo mgodi umatha. Ku Mwabulambo, ku Karonga, mgodi unatsekedwa mu 2015. Obwera anamanga katundu n'kupita, eni mudzi anatsala ndi maenje odzaza madzi.

(Mayi wina: "Nanga ana athuwa adye chiyani? Ku Chilwa nsomba kulibe, feteleza sitikumukwanitsa!")

Mayi, mwafunsa zoona, ndipo sindikukutsutsani. Inenso ndili ndi mnyamata pakhomo, anamaliza Fomu 4, amangokhala. Chilwa inauma mu 1995, inaumanso mu 2018, tonse tinaona mabwato ali pamatope. Sindikuti mwana asapite kukafuna ntchito. Agogo athu anapita, ena anamanga nyumba za malata ndi ndalama zomwezo. Koma nyanja itauma ija, amene anali ndi munda anatola khasu. Amene analibe ndi amene tinkawapatsa gaga. Mwana wanu akapita n'kubwera akudwala, adzafikira pa inu nomwe, mayi. Fumbi la malasha likalowa m'mapapo silituluka, ngakhale mutamutengera ku chipatala chachikulu ku Zomba. Ndiye apite, inde, koma munda utsale, ndipo pepala likhale m'manja. Ndipo abambo inu mumalandira mowa kwa mlendo n'kumulozera nyumba za ana a eni, lekani zimenezo, n'zochititsa manyazi.

Ndikuona dzuwa lapendeka, ena mukuyang'ana kunjira. Mwachangu. Funsani dzina la kampani ndi kumene ili. Pitani nalo ku ofesi ya zantchito ku boma akakuuzeni ngati ilipodi. Ndalama musapereke, wolemba ntchito weniweni salipiritsa. Kunja kwa dziko musapite opanda pasipoti. Mukafika, chipewa, nsapato ndi chotchinga kumphuno muzifunse tsiku loyamba. Wodwala chifuwa chopitirira masabata awiri apite akayezetse makhololo.

Munthu wa kope uja akabweranso, mubwere naye kwa amfumu asanalembe dzina lina. Amene munapereka kale ndalama tsalani, tilembe mayina anu pompano. Zikomo amfumu.