Makalata a Omvera: Nambala ya Mafuta a m'Magazi ndi Khansa ya m'Matumbo

Takulandirani nonse. Thumba la sabata ino lalemera, ndipo monga mwa mwambo wathu pa nkhani za matenda, mayina sititchula, timangonena dera.

Achimwene a ku Kasungu, mukuti ndinu owonda ngati nsungwi, ndiye cholesterol, mafuta a m'magazi aja, singakukhudzeni. Ayi, sikelo ya pamsika siyeza magazi. Owonda nawonso amapezeka nayo yokwera. Kayezetseni.

Tsopano nayi kalata yomwe yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mayi a ku Machinjiri, yolembedwa pa pepala la m'kope la mwana, mbali zonse ziwiri. Akuti:

"Amuna anga ali ndi zaka 52. Mwezi watha anawachita opaleshoni ya khansa ya m'matumbo akulu. Kwa zaka zambiri a chipatala ankawakalipira kuti cholesterol yawo ndi yokwera, inali 6.4. Atawayeza opaleshoni isanachitike inapezeka 3.2, ine ndinasangalala. Koma mwana wathu wa ku Johannesburg wawerenga pa intaneti kuti odwala khansa amene cholesterol yawo yatsika sakhalitsa. Panopa ndikuwaphikira mang'ina, mazira okazinga ndi tchipisi kuti nambalayo ikwere. Ndiuzeni zoona, ndiyambe kukonzekera zovuta kapena ndiwonjezere mafuta mu ndiwo?"

Mayi anga, choyamba ikani botolo la mafutalo pansi. Chachiwiri, mwana wanuyo sananame, koma wakuuzani nkhani yoduka mutu.

Zimene wawerengazo zilipodi. Madokotala, makamaka a ku Japan ndi ku China, akhala akuunika mafayilo a odwala ambirimbiri amene anachitidwa opaleshoni ya khansa imeneyi. Kawirikawiri amapeza kuti gulu lomwe cholesterol yake inali yotsika kwambiri opaleshoni isanachitike, kapena lomwe HDL yake inali yochepa, silinachite bwino pofanizira ndi anzawo. HDL ndi mafuta aja amati abwino, amene amatola cholesterol m'mitsempha kubwerera nayo ku chiwindi. Palinso kawerengedwe kena kotchedwa CONUT, komwe amaphatikiza zinthu zitatu za m'magazi: puloteni yotchedwa albumin, asilikali a m'thupi otchedwa ma lymphocyte, ndi cholesterol. Cholesterol ikatsika pansi pa 180 mg/dL, yomwe ili pafupifupi 4.7 pa muyeso wa papepala lanulo, amayamba kuika chizindikiro. Koma cholinga chake ndi kuona ngati thupi la wodwala lili ndi chakudya chokwanira choti lipirire mpeni ndi mankhwala.

Nanga imatsikiranji? Cholesterol yambiri ya m'thupi sichokera m'mbale, thupi limapanga lokha, makamaka chiwindi. Maselo a khansa amachulukana mwaliwiro, ndipo selo lililonse limafuna cholesterol yomangira khungu lake, ndiye amakoka LDL, mafuta aja amati oipa, m'magazi. Nthawi yomweyo wodwala sakudya bwino, akuwonda, thupi lili pa nkhondo. Ndiponso magazi ochokera m'matumbo amadutsa kaye ku chiwindi, n'chifukwa chake khansa imeneyi ikafuna kusamuka imakonda kuyambira komweko.

Ganizirani nkhokwe, mayi. Mwakwera pamwamba, mwasuzumira, chimanga chatsika. Mwina ndi anankafumbwe, mwina ana akhala akutapa, mwina munangokolola chochepa. Kutsikako kwakuuzani kuti mufufuze. Koma kuthiramo matumba ena awiri sikupha nankafumbwe ngakhale mmodzi. Mang'ina anuwo ndi matumba awiri aja. Komanso matumbo amene angosokedwa kumene si oti muwapanikize ndi tchipisi cha pachiwaya. Bambowo akufunikadi kudya ndi kubwezeretsa thupi: phala lothira nsinjiro, nsomba, dzira lowiritsa, mkaka ngati akuulola, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Za ndiwo zamasamba ndi nyemba, funsani amene anawachita opaleshoni kuti ayambe liti.

Chimene chimalosera kwambiri za mawa si 3.2 ija, ndi siteji ya khansayo. Kodi inali idakali m'khoma la thumbo? Inafika mu timwanabere toyandikana ndi matumbo? Inafika ku chiwindi kapena m'mapapo? Ku America, komwe amasunga bwino ziwerengero, pa odwala 100 amene khansa yawo inapezeka isanatuluke m'thumbo, pafupifupi 90 amakhala ali moyo pakatha zaka 5. Ikakhala kuti yafalikira kutali, amatsala pafupifupi 15. Mwaona kutalikirana kwake? Palinso kayezedwe ka magazi kotchedwa CEA, komwe madokotala amatsatira pambuyo pa opaleshoni kuti aone ngati matenda akubwerera. Mukapita ku chipatala ulendo wotsatira, tengani kope lomwelo, mufunse siteji, mufunse za timwanabere, mufunse ngati pakufunika kemo, mankhwala opha maselo a khansa, ndipo mayankho mulembe. Musachite manyazi. Ena a ife tikalowa mwa dokotala timangoti "chabwino adokotala", n'kutuluka osamva kanthu, kenaka mafunso onse kukafunsa wailesi.

Ndipo iwe mnyamata wa ku Joni, ndikudziwa ukumvera pa foni. Wachita bwino kuwerenga. Koma zofufuza zimenezo zimanena za gulu la anthu mazanamazana, sizinayeze bambo ako. Nkhani yotere suitumiza pa WhatsApp pakati pa usiku kwa mayi amene akugona pansi pambali pa wodwala. Uwaimbire, ndipo ya thiransipoti yopitira ku chipatala usaiwale.

Tipitirire. Mayi a ku Leeds akuti amamwa ma statin, mankhwala otsitsa cholesterol, ndiye asiye poti cholesterol yotsika ndi yoopsa? Musasiye. Yanuyo yatsitsidwa dala ndi mankhwala pofuna kuteteza mtima, si yotsitsidwa ndi matenda.

Abambo a ku Mponela akufunsa ngati adyo ndi mandimu zimasungunula mafuta m'magazi. Zimakometsa nsomba, bambo.

Mnyamata wa ku Zingwangwa akuti tikuipitsa bizinesi yake ya soseji. Pepa mphwanga, si ine. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika nyama zokonzedwa ngati soseji ndi polony m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo inati magalamu 50 tsiku lililonse amakweza chiopsezo ndi pafupifupi 18 peresenti. Mawu ofunika ndi akuti tsiku lililonse. Soseji imodzi pa ukwati sinaphe munthu.

Kenaka pali makalata asanu, asanu enieni, onse nkhani imodzi: magazi m'chimbudzi. Mmodzi akuti miyezi isanu ndi itatu, wina chaka. Onse adziyeza okha n'kupeza kuti ndi mudzi. Wina akupaka mafuta ogula mu basi, wina akukhalira m'beseni la zitsamba. Abale anga, mudzi ulipodi ndipo nthawi zambiri umakhala womwewo. Koma anakuuzani ndani kuti wanuwo ndi mudzi? Magaziwo akhozanso kukhala chizindikiro cha khansa ya m'matumbo akulu. Khansa imeneyi ndi yachitatu pa khansa zofala padziko lonse, ndipo mu 2020 inapha anthu oposa 900,000. Si ya agogo okha ayi: Chadwick Boseman, katswiri wa mafilimu uja, inamutenga ali ndi zaka 43, ndipo ku America anatsitsa msinkhu woyambira kuyezetsa kufika pa zaka 45. Ife kuno timaopa kuvula pamaso pa dokotala kuposa mmene timaopera bokosi. Magazi osasiya, chimbudzi chosinthasintha masabata angapo, lero kutsekula mawa kudzimbidwa, kuwonda popanda chifukwa, kutha magazi m'thupi, zimenezo si za m'beseni. Yambirani pa chipatala chapafupi, ndipo akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Bambo a ku Dedza amene mwalemba kuti akazi anu sakudziwa, auzeni usiku uno. Iwo ndi amene amachapa zovala, akudziwa kale, akungodikira inu.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Machinjiri, mukamva siteji mutilemberenso, ndipo mang'ina otsalawo mutha kutumiza kuno ku situdiyo, a injiniya akuti sanadye.